Odi Kunyumba kwa Sungani

Mwanza Boda,
9 Juni, 2025.

Okondedwa achimwene Kinsley,

Ndine mlongo wanu Iness. Foni simuyankha, mauthenga mumangowerenga n'kukhala chete, ndiye ndati ndilembe papepala ngati anthu akale. Kalatayi ndapatsira a Zakeyu, dalaivala wa thiraki uja, ndipo ndawauza kuti asachoke pakhomo panu ku Joni mpaka mutaitsegula. Mukundidziwa, ndikakakamira chinthu ndimakhala ngati nkhupakupa.

Kuno tilipo. Kuzizira kwayamba, amayi miyendo ikuwavutabe, ine ndikuthamangabe ndi mapepala a madalaivala pa kasitomu. Za maliro a mng'ono wanu Sungani palibe amene akukuimbani mlandu. Tonse tikudziwa kuti ndi mapepala anu aja, mukanatuluka simukanabwereranso kuntchito. Mlanduwo mukudziimba nokha, ndipo ndi umene wakutsekani pakamwa.

Koma pali nkhani imene simunaimve. Tsiku logawa katundu wa malemu kumudzi ku Thambani, malume a Sankhani atayala zovala ndi nsapato pamphasa, anafunsa ngati pali china chimene mnyamatayo anasiya. Vera, mnzake wa Sungani uja wosadziwa kusunga pakamwa, anangoti, "Anasiya nyumba ndi kavalo."

Malume anavula chipewa.

"Nyumba? Ili kuti, ku Zobue? Nanga kavaloyo akumudyetsa ndani?"

Ndinachita kufotokoza ine, manyazi atandigwira, kuti zonsezo zili mufoni, m'gemu ija timaitcha Malinga, momwe umadzipangira munthu wako, n'kumusankhira ntchito, n'kumayenda naye m'dziko lopeka pamodzi ndi anzako akutali. Anthu anaseka mpaka misozi. Malume anati nyumbayo ndi kavalo yemwe nditenge ine, iwo za ana sazitha. Amayi okha ndi amene sanaseke.

Patapita masiku anabwera kwanga, atamanga mpango wawo wa kutchalitchi. Anati, "Iwe, kandionetse nyumba ya mwana wanga."

Ndinatsegula gemu, n'kuyendetsa munthu wanga, mlenje uja mumamuseka miyendo, mpaka pakhomopo. Nyumbayo inu munaisiya ili pamaziko. Sungani anaimaliza, achimwene, ndipo anaimanga ngati yakwathu. Khonde kumaso, kamtengo kumanzere pomwe pamakhala nachesi wathu, kavalo atamangidwa pomwe timamanga mbuzi. Pachitseko analembapo mayina awiri, lake ndi lanu. Langa palibe, ndipo ameneyo ndidzamufunsa tsiku limene tidzakumane. Munthu wake, sing'anga wa mkanjo wobiriwira uja, ali m'katimo, ali khale pampando pomwe anamusiya.

Nditafuna kukankha chitseko, amayi anandigwira dzanja.

"Ukulowa bwanji m'nyumba ya eni ngati mbuzi?"

Anaweramira foni, n'kuwomba m'manja pang'ono. "Odi! Odi kuno!"

Anadikira. Ndinati, "Amayi, ndiyankhe ine, lowani." Anandiyang'ana cham'mbali.

"Dzina lako lili pachitsekopo? Iwe ndiwe mlendo ngati ine. Tiye, eni ake kulibe, tidzabweranso."

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi amabwera. Amaima pakhonde lija, amati odi, amadikira, kenako amatsanzika. M'katimo sanalowemo, ndipo sing'anga uja sanamuonepo.

Tsopano sabata yatha kampani ya gemuyo yalengeza kuti ikutseka maseva ake kumapeto kwa mwezi uno. Dziko lonse lija lizima. Ndinawalembera, ine ndi Chizungu changa cha pa boda, kuwapempha kuti atisiyire nyumba imodzi yokha. Anandiyankha kuti akuthokoza chifukwa chowakonda, ndipo ndiyeseko gemu yawo yatsopano. Ndinatsala pang'ono kuponya foni pansi pa thiraki.

Loweruka tinakumana pa shopu ya Smart wokonza mafoni, pomwe timasonkhana paja, kuti tigwirizane gemu yosamukirako. Mkangano wake ndi wakale womwe uja, mukanakhalapo mukanaulowa.

Smart anati, "Aise, kampani yaikulu ndi yaikulu basi. Akutseka iyi chifukwa akubweretsa ina yoopsa. Ndaona zithunzi zake, munthu mpaka thukuta kuoneka! Tingosamukira kumeneko."

"Tisamuke ndi chani?" anatero Vera. "Akutilola kunyamula ngakhale khasu? Ine ndinakuuzani kale, tiyeni pa magemu a timakampani ting'onoting'ono, opanga anthu atatu anayi. Ukadawuniloda ndi yako. Netiweki ithawe, bandulo ithe, iwe ukusewerabe, ndipo nkhani zake zimagwira mtima."

"Zija anthu ake amaoneka ngati njerwa? Kumasewera wekhawekha ngati mfiti? Ayi mani. Sungani mwiniwakeyo ankasewera yaikulu yomweyi."

Apa Vera anatsitsa mawu. "Sungani ankadana nayo. Ankati gemu ya kampani yaikulu ndi nyumba ya lendi. Upente, udzale maluwa, landilodi akafuna akutulutsa basi."

Ine zimenezi sindinkazidziwa. Ndinafunsa kuti nanga ankavutikiranji kumanga nyumba pamalo a eni, bandulo yake yonse n'kumathera pamenepo.

Vera anati, "Inenso ndinamufunsa. Anati zing'onozing'onozo n'zokoma ndithu, koma mulibe msewu wopita ku Joni."

Smart, amene pakamwa pake sipapuma, anatenga foni ya kasitomala n'kuyamba kumasula sikulufu imene anali atamanga kale. Vera anawonjeza kuti ngakhale using'anga uja sunali kukonda kwa Sungani, iye ankafuna uta ngati wanga. Koma ankati achimwene amathamangira nkhondo osaganiza, pafunika wina wowatsata kumbuyo n'kumawapoletsa mabala. Tinabalalika osasankha gemu iliyonse, ndipo ine ndinalira njira yonse mpaka kunyumba.

Dzulo amayi atabwera ndinawauza. Ndinayesa kuzungulira, za maseva, za kampani ya kunja, koma iwo anadula.

"Akugumula?"

"Eee, amayi."

Anayang'ana khonde lija. Kenako anati, "Mwana wanga ndinamuika m'manda nkhope atamuphimba chifukwa cha ngozi ija. Wa m'nyumbayu ndikufuna ndimuone. Muuze mkulu wakeyo afulumire."

Ndiye pempho langa ndi limeneli, achimwene. Sindikupempha ndalama, sindikupempha kuti mukwere basi. Msilikali wanu wa m'gemumo akadali kumapiri kuja munamusiya tsiku limene munamva uthenga. Ndikudziwa chifukwa chake simutsegula gemuyi, inenso ndikaona mkanjo wobiriwira pawindo mtima umandipweteka. Koma Lamulungu likudzali, tikaweruka kutchalitchi, mutsikeko kumapiriko. Mulowe m'nyumbamo, mukhale pafupi ndi mng'ono wanu, muyatse maiki. Smart walonjeza kubweretsa sikirini yaikulu ya pashopu kuti amayi asavutike maso, ndipo Vera akuti abwera ndi bandulo ya ku Mozambiki ngati yathuyi itachita zake.

Malume akupereka moni, akuti kavalo uja musamugulitse osawauza. Smart akuti mukadali mbali yake pa mkangano uja, Vera akuti muli mbali yake. Manachesi apsa, ndaikamo ochepa m'jumbo, ngati a Zakeyu sadya panjira. Amayi ndawafunsa kuti ndilembe moni wotani. Akuti moni adzapereka okha pakhomo.

Adzati odi, achimwene. Chonde mudzayankhe.

Ndine mlongo wanu,
Iness.