Ninasankha bokosi lolemera

Lachitatu. Kwatentha, koma ine chanitentha kwambiri ni manyazi.

Tisa, mdzukulu wanga wa ku Silverest, wayamba ntchito yokonza mavidiyo a maukwati pakompyuta. Dzulo ananituma ku Lusaka kukagula purosesa, kachitsulo kamene kamapatsa kompyuta liwiro. Dzina lake ananilembera papepala. Kufika m'shopu, ine pofuna kuseketsa atsikana ogulitsa, pepala sininatulutse. Ninati, "Kwathu ku Bundabunda katundu timayesa na dzanja, monga thumba la chimanga." Ninanyamula mabokosi awiri, n'kusankha lolemera. Anaseka mpaka misozi, ine kumva kukoma.

Kansi linalemera chifukwa munali feni yoziziritsira, purosesa yake ni yofooka. Yamphamvu imakhala yokha m'kabokosi kopepuka. Kuipa kwake ninatsegula mu minibasi kuonetsa anthu, tsono kushopu akana kusintha.

Lero Tisa waiika. Vidiyo waiyamba m'mawa, dzuwa lapendeka isanafike pakati, mkwatibwi pagalasi la kompyuta angoyenda modukizadukiza. Eni ukwati aifuna Lachisanu, ndipo ni ntchito yake yoyamba.

Ninayesa kuti, "Mwina mkwatibwi safuna kukafika kwa apongozi." Tisa sanaseke. Anatenga foni n'kuimbira mayi wa mkwatibwi, ine nili pampando pomwepo. "Pepani amayi, ichedwa. Nalakwitsa ine pogula zipangizo."

Dzina langa sanatchule. Bola akananitukwana.

Mawa nipita kwa mayiyo nikanene nekha kuti wolakwa ni ine, popanda nthabwala. Koma pakamwa panga pano, nikangoona anthu atatu, nthabwala zimangotuluka zokha…