Abale a kaligo wa Che Jafali

Lachinayi, Okutobala. Dzuwa la mkwiyo, mtima wofewa.

Che Jafali, othawa nkhondo amene timasunga pano, sanakhudze kaligo wawo chiwolokereni malire pa Chiponde. Nsambo inaduka panjira, akazi awo, mayi a Amina, anasowa ali mkati mothawa. Lero ndachotsa waya wa mabuleki a njinga yanga n'kuwapatsa. Iwo akumanga, ine ndi digiri yanga ndinayamba kulalikira kuti kaligo ali ndi abale: erhu ku China, rababa kwa Aluya, vayolini kwa Azungu.

"Aphunzitsi," anatero, "abale onsewo, palibe amene anawaonako mayi a Amina?"

Iwo anakoka uta, n'kuimba nyimbo imene mayiwo ankapetera mpunga.

Loweruka ndipita ku Chiponde kukafunsa, panjinga yopanda mabuleki. Mwina wina kumeneko...