Amene Anagona Pansi pa Rubabu

Ossett,
12 Malichi

Okondedwa achimwene a Granville,

Mundiyankhe funso limodzi, ndipo musayambe ndi kukanda m'mutu monga mwa chizolowezi chanu: munkafuna kudzandiuza liti kuti Ababa ali pansi pa rubabu, chomera chawo cha mapesi owawasa chija?

Moni ndipereka kumapeto, mtima ukatsika. Inu munapita patali ndi sukulu, mumadziwa kukulunga mawu. Ine ndinalekeza ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, zotsalazo ndinaphunzira ndi manja angawa, ndipo chinthu ndimachinena mmene chilili.

Mukudziwa kuti chithyokereni m'chiuno Amayi sangathenso kuyenda mtunda. Achipatala akuti awatulutsa pa 29 mwezi uno. Ndiye ndinaitanitsa kanyumba kamatabwa ndinakuuzani pafoni kaja, kachipinda kamodzi, kazenera lalikulu, koti kaime m'munda wa kuseri kwa nyumba, kuti masana aziwothera dzuwa m'menemo m'malo mongoyang'anizana ndi khoma. Akalipentala anati yawo ndi kumanga basi. Malo ndikonze ndekha, akhale osalala, othira miyala, chisanu chikangotha.

Chisanu chinatha sabata yatha. Nthaka yafewa, maluwa achikasu a m'mbali mwa mpanda aja atulutsa mitu, mbalame nazo zayamba kulongolola. Ndinazula minga yonse. Ndinagwetsa khola la nkhunda la Ababa, lomwe linali litawola moti linagwa nditangolitsamira, ndipo m'kati mwake ndinapeza njinga yanu yofiira ija munkandikaniza kukwera. Ndinakhoma zikhomo, kukoka zingwe, kuyeza ndi levulo ya Ababa. Malo okhawo osalala, ofika dzuwa kuyambira m'mawa, inu mukuwadziwa: pakona paja pa rubabu.

Amayi sindinawafunse, ndivomera. Ndinati ndi chomera chabe, ndipo ndinkafuna adzangoona kanyumba kataima.

Komabe ndinayamba ndaima pamenepo kanthawi. Mukukumbukira mmene Ababa ankamuvundikira rubabuyo ndi chidebe chakale mu Januwale, kuti akulire mumdima mapesi akhale ofiira ndi ofewa? Ankatigwaditsa tonse awiri, khutu pachidebe, amvekere, "Chete, mumve akukula." Inu munkanama kuti mwamva. Ine ndinkati sindikumva kanthu, Ababa nkuseka mpaka kutsokomola: "Thelma uyu adzafera chilungamo." Kenako Amayi ankatipatsa shuga m'kapepala, ife khale pakhomo la kuseri, kumaviika mapesi owawasa aja mpaka mano kuchita dzanzi. Muzu wake anabwera nawo ndi agogo kuchokera ku Rothwell, m'thumba la jekete, Ababa asanabadwe. Zonsezi ndinazikumbukira, achimwene. Ndinamina, nkuitana Keith wa kathalakitala kokumbira.

Keith anakumba Lachiwiri. Lachitatu m'mawa lole inadzatenga dothi lonse. Masana ake ndikusalaza pansi, ndinangoona mutu wa a Sugden, aneba athu aja, uli pamwamba pa mpanda. Akwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu koma maso akadali a mphamba.

"Thelma mwana wanga, a Wilf wawasamutsira kuti?"

"A Wilf ake ati? Ababa ali m'nyanja ku Filey. Phulusa lawo ndinawaza ndine, inu muli pomwepo."

Anavula chipewa nkumayang'ana m'kati mwake ngati yankho analemba m'menemo.

"Limene unawaza ku Filey lija," anatero, "linali la m'mbaula yanga. Ndinasefa ndekha, nkuthirako mchenga pang'ono kuti lilemere."

"Mwakalamba a Sugden, mutu wayamba kudontha."

"Kukalamba ndakalamba, koma dzenje ndinakumba ndine. Bambo ako tinawathira m'chitini chawo chonyamulira chakudya popita kumgodi chija. Mlongo wako ananyamula, mayi ako anaimba nyimbo. Iwe anakutuma kukagula mkaka."

Kukagula mkaka, achimwene! Ndikukumbukira bwinobwino, chifukwa ndinadabwa, mkaka munali mabotolo awiri.

Ndinakhala pansi padothi pomwepo, zonse nkumabwera m'mutu. Titachoka kowotcha mtembo kuja tinakhala kukhitchini. Ine ndinati Ababa ankakonda ku Filey, kumene ankatitengera chaka ndi chaka, tikawawaze kumeneko. Amayi ananena motsitsa kuti Ababa ankafuna kumunda kwawo. Ndinamenya tebulo, makapu mpaka kudumpha. Nonse munangoti zii, ine nkumati ndapambana. Tsiku lowaza lija mphepo inabweza phulusa nkundithira pajasi langa lakuda. Jasi limenelo sindinalichapepo. Ndinalikulunga m'pepala nkuliika m'kabati, ndipo pa tsiku lobadwa la Ababa ndimalitulutsa nkulisisita. Zaka zisanu ndi zinayi, achimwene, ndikusisita mbaula ya a Sugden!

Sindinalire, nthawi panalibe. Ndinawakweza a Sugden m'galimoto ndi ndodo yawo yomwe, ulendo kumene lole ija imakataya dothi. Pageti tinapeza bambo wina wamimba, sangweji ili m'manja.

"Mayi, kuno anthu amabwera kudzataya, osati kudzatola."

"Ndataya chinthu."

"Aliyense amatero. Mphete?"

"Bambo anga."

Anasiya kutafuna. Anayang'ana a Sugden, iwo nkugwedeza mutu kuti nzoona. Munthu uja anakazimitsa makina ake, nkubwera ndi mafosholo awiri, imodzi yake. Tinafukula mulu umenewo maola atatu, a Sugden atakhala pathayala akutilamulira ngati kapitawo: "Kumanzere! Dothi la a Wilf ndi lakuda, ankathira manyowa a akavalo. Limenelo ndi la anthu aulesi." Ndipo tinachipeza chitini chija. Chadzimbiri, chopindika mbali imodzi, koma chotseka, chomangidwa ndi waya. Mfundo yake ndinaizindikira, ndi yanu ija yokhota, yomwe munkamangira chiwongolero cha njinga.

Muzu wa rubabu wokha ndiye ayi. Tinapeza tizidutswa tophwanyika, tonyenyeka ngati chinangwa chopondedwa. A Sugden anatola kamodzi, kukanunkhiza, nkukaponya. "Uyu wapita," anatero. Wakhala pakona paja zaka pafupifupi zana, ine ndamutha ndi Lachiwiri limodzi.

Panopa Ababa ali pashelefu kukhitchini, pakati pa tiyi ndi shuga. M'mawa ndimawapatsa moni. Sayankha, monga kale ndikayamba kukalipa.

Tsopano mumve chimene chandilembetsa kalatayi m'malo moimba foni, chifukwa pafoni ndikanangokutukwanani. Dzulo ndinapita kuchipatala. Amayi awonda, koma anali atapesa tsitsi, atakhala pampando pafupi ndi zenera. Ndisanavule nkomwe chipewa, funso linali lafika kale.

"Rubabu waphuka?"

Pomwepo ndinamvetsa chifukwa chake chaka chilichonse nyengo ino ankatenga kapu ya tiyi nkukaima pakona paja, milomo ikugwedera. Ine ndinkayesa akukalipira nkhono zodya masamba.

"Waphuka, Amayi," ndinatero. "Timitu tofiira ngati zibakera za khanda."

"Ndiye bwino," anatero, nkundigwira dzanja. "Uzimuvundikira madzulo, chisanu chimabwerera. Sakonda kuzizidwa kumapazi."

Ndinanama, achimwene. Ine amene ndinauza abusa pamaso kuti ulaliki wawo ndi wautali, ine amene sindinkamva kanthu pachidebe, ndanamiza mayi anga ali pampando wa kuchipatala. Ndinatuluka nkukakhala m'galimoto.

Chifukwa chimene munandibisira ndikuchidziwa, musavutike kuchikometsa. Munkaopa pakamwa pangapa. Mwina munalondola, tsiku limenelo ndikanagwetsa denga. Koma mawa lake? Chaka chotsatira? Ine ndi amene ndinatsala kuno, ndimatchetcha udzu wa m'munda umenewu, ndimadutsa pakona paja ndi wilibala kawiri pa sabata. Pakamwa panga mpotentha, inde, koma nanenso ndine mwana wawo. Ndikanakonda kuima pamenepo ndi kapu yanga ya tiyi.

Ndiye tichite chonchi. Nthawi ya maliro munadula chidutswa cha muzu uja, nkuchikulunga m'nyuzipepala, ndipo chaka chilichonse mumanditopetsa nazo pafoni kuti kwanu ku Oban wakula kuposa wathu. Mukamukumbe tsopano, masamba asanatambasuke. Mumugawe pakati ndi fosholo yakuthwa, mbali yathu ikhale ndi maso awiri kapena atatu. Zikhomo ndazisuntha kale, kanyumba kabwerera m'mbuyo phazi limodzi ndi theka, ndipo pansi pa zenera ndasiya malo. A Sugden alonjeza manyowa. Akalipentala afika pa 25, ndiye Ababa akhale atabwerera pamalo pawo tsikulo lisanafike, kuti Amayi akadzakhala pampando m'kanyumbamo azidzawaona osadzuka.

Koma tisanadzale tikapita kuchipatala tonse awiri. Ine ndikanena zanga, za Keith, za lole, ndi bodza ladzulo. Inu mukanena kuti Thelma wadziwa, ndipo mukanena ine ndili pomwepo. Sindikufuna kutumidwanso mkaka.

Mtima watsikako, ndiye landirani moni. Mundiperekere kwa alamu anga a Morag, muwauze kuti sindinawakwiyire, pokhapokha ngati nawonso ankadziwa. Ana muwapsompsone. A Sugden akuti moni, akutinso mbaula ikadalipo ngati mukufuna phulusa lina. Njinga yanu ndaitsuka, ili m'khonde. Jasi lija ndinalitulutsa kuti ndilichape, koma ndalibwezera m'kabati. Musandifunse chifukwa.

Moni wa Ababa sinditumiza m'kalata. Ali pashelefu, mudzautenge nokha.

Muzuwo musautumize pa positi, ndipo musandiimbire kuti ntchito yachuluka. Munawanyamula ndinu powaika koyamba ine kulibe, mudzawanyamulenso ine ndilipo. Loweruka lino, achimwene, sitima ya m'mawa.

Ndine mlongo wanu,
Thelma