Ligi ya Mabuku pa Khonde la Abambo

Lamlungu, pa 9 Juni

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Kuno tonse tilipo, kupatula bondo la Amayi limene likulosera mvula kuposa a zanyengo. Maso a Abambo ndi momwemuja, ng'ala ija yakula ndipo akuti zinthu amaziona ngati zili m'chifunga. Adokotala anena kuti opaleshoni idzachitika mu Okutobala, ndiye tikudikira. Koma musade nkhawa, pakamwa pawo palibe ng'ala.

Munandifunsa pa foni kuti mwa mabuku asanu ndi awiri a mpira amene munatumiza aja, Abambo akonda liti. Ndinakuyankhani mozemba chifukwa iwo anali pomwepo, makutu ali tcheru. Nkhaniyi ndi yaitali ndipo muli mlandu wanga mkati, choncho ndati ndilembe.

Abambo mukuwadziwa. Munthu amene anaima pagolo zaka khumi ndi zinayi akudya za mpira sangangonena kuti buku ili ndi labwino n'kukhala chete. Anakhazikitsa ligi. Loweruka lililonse masana, ndikaweruka ku shopu ya fotokope, timakhala pakhonde. Ndimatenga mabuku awiri, ndiwerenge mutu umodzi m'buku ili ndi mutu umodzi m'linalo, kenako Abambo amalengeza zigoli. Lopambana limatenga mapointi atatu, akalepherana imodzi imodzi. A Lefa, aneba athu aja ankayimbira mpira kale, amabwera ndi wezulo yawo yadzimbiri ndipo amalemba mndandanda kuseri kwa kalendala. Buku limene lili pamwamba pa ligi limagona pa wailesi. Limene lili pansi limachirikiza mwendo waufupi wa tebulo lathu lodyera.

Pepani, koma limene lili pansi pa tebulo ndi lija munalikonda inu, lalikulu lazithunzi, la katswiri womwetsa zigoli. Silinapeze pointi ngakhale imodzi. Nditangowerenga masamba anayi Abambo anakweza dzanja. "Ine, ine, ine, ine! Kodi mpirawo ankadzipatsira yekha? Anzake khumiwo anali kumaliro?" Lija la mivi ndi mizere, lofotokoza kaimidwe ka osewera, nalonso silinapite patali. Akuti ndi mpira wa pa bolodi, mulibe matope.

Phokoso lenileni linabuka pa buku lolembedwa ndi woyimbira mpira. A Lefa ankafuna likhale pamwamba, Abambo n'kulichinya zitatu kwa duu, ati chifukwa wolembayo sanavomere kulakwa ngakhale kamodzi m'buku lonse. A Lefa anaimirira, anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa khadi lofiira. Ndinachita kuwauza Abambo mtundu wa khadilo. Iwo anati, "Ndituluke ndipite kuti? Khondeli ndi langa." Amayi anathetsa mlandu ndi tiyi.

Limene lakhala pa wailesi kuyambira pachiyambi ndi kaching'ono kaja munati munangowonjezera poti kanali pafupi, ka bambo amene anachapa mayunifomu a timu imodzi zaka makumi atatu. Muli mutu wina wonena za osewera akuluakulu amene amasanza ndi mantha asanalowe m'bwalo. Tsiku limenelo Abambo anangogwedeza mutu nati, "Uyu analipo." Lotsatira linali la kochi amene anachotsedwa ntchito kasanu ndi kamodzi.

Tsopano mlandu wanga. Mu ligiyi munalowa buku lachisanu ndi chitatu, ndipo ndinawauza Abambo kuti mwatumizanso ndinu. Ndinakunamizirani, Achimwene, mundikhululukire. Bukulo ndinalemba ndine. Kwa zaka ziwiri, anzanga akapita kukadya masana, ine ndimatsala pa kompyuta ya ku shopu ndikulemba za moyo wa Abambo. Nkhani ndinkazitola kwa Amayi, kwa a Lefa ndi m'manyuzipepala akale aja ali m'sutikesi. Ndinachotsa mayina onse, n'kukhala ngati nkhani ya goloboyi wina wa dziko lakutali. Ndinalisindikiza, n'kulimata chikuto cholimba kuti m'manja lizimveka ngati anzake.

Mufunsa kuti bwanji sindinangowauza Abambo. Mukukumbukira mmene anamuthamangitsira mtolankhani uja ndi tsache? Za masiku awo a mpira amakamba zoseketsa zokha, ndipo za fainolo ya chikho ija, imene anachinyitsa chigoli chopepuka anthu n'kumati anagulitsa masewero, satchula n'komwe. Ndikanawauza akanati ndiliwotche. Komanso ine ndinkafuna kumva chilungamo kuchokera kwa munthu amene sakondera. Ndinalumbira mumtima kuti buku langa likakalowa pansi pa tebulo, zolemba ndisiya, ndizingopanga fotokope zolemba za ena mpaka kukalamba.

Loweruka loyamba buku langa linalowa m'bwalo. Linakumana ndi la katswiri uja n'kupambana zinayi kwa duu. Sindinasangalale kwambiri, pakuti ameneyo aliyense ankamumenya. Koma sabata yotsatira linachinya la mivi, kenako la woyimbira, kenako linalepherana ndi la kochi. Nditawerenga za goloboyi wamng'ono amene ankasoka magolovesi ake ndi ulusi wa nsapato, Abambo anati, "Wolemba uyu mpira amaudziwa fungo lake." Ndinathawira kukhitchini ngati ndikukatenga shuga, ndipo ine ndi Amayi tinavina mwakachetechete pafupi ndi sinki. Amayi ndi a Lefa chinsinsichi ankachidziwa, ndipo a Lefa ankatsokomola nthawi zonse buku langa likachinya.

Dzulo ndiye anali masewero otsiriza: langa ndi la wochapa mayunifomu, wopambana atenga ligi. Mutu umene unatsala m'buku langa unali wa fainolo ija. Amayi sanaionere, paja tsiku limenelo anali kuchipatala akubereka inu, ndiye ndinalemba zimene iwo anamva ndiponso zimene a Lefa ankaganiza. Ndinalemba kuti dzuwa linamuthobwa m'maso goloboyiyo, ndipo wotchinga kumbuyo anamuphimba. Ndinalemba mokoma, Achimwene, mpaka ine mwini ndinamva chisoni.

Nditamaliza, ndinatseka bukulo. Kenako Abambo anati, "Ziwiri kwa duu. Lagonja."

Ankanena buku langa. A Lefa anaiwala ndi kuyimba wezulo komwe.

"Wolembayu dzanja ali nalo," Abambo anapitiriza, "koma apa wanama. Tsiku lija kunali mitambo."

"Tsiku liti, Abambo?" ndinafunsa. "Ili ndi buku lakunja."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe mwana, chafa ndi maso, makutu alipo. Mabuku enawa ukafika kumapeto kwa tsamba umaima, unyowetse chala, utembenuze, ndiye upitirize. Ili umamaliza chiganizo tsamba lisanatembenuke. Ndinadziwa Loweruka loyamba lomwe."

Manyazi amene anandigwira sindingawafotokoze. Ndinafunsa kuti nanga bwanji sananene. Iwo anati timu ikalowa mu ligi imasewera mpaka kumapeto, ndipo mapointi onse amene ndinapeza ndinawakhetsera thukuta, sanandipatse ngakhale imodzi yaulere. Kenako anati nditenge cholembera.

Achimwene, khalani pansi, chifukwa apa mukulowa ndinu.

Akuti Amayi anali atavutika masiku awiri kuchipatala ndipo anamwino sankanena zomveka. Abambo anapempha kuti asasewere, kochi anakana. Anaima pagolo thupi lokha, mtima uli kuchipatala, komabe anagwira chilichonse mpaka kutatsala mphindi ziwiri. Ndiye kunabwera fulikiki ya kutali, mpira woti ngakhale ine ndikanaugwira. Nthawi yomweyo malemu bambo aang'ono, amene anathamanga wapansi kuchokera kuchipatala, anakwera mpanda wa kuseri kwa golo n'kukuwa kuti, "Achimwene! Wamwamuna! Onse ali moyo!" Abambo anatembenuka. Mpira unawadutsa pang'onopang'ono n'kukagona mu ukonde.

Ndinafunsa chifukwa chimene anabisira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, anthu akuwatcha wogulitsa masewero. Anati, "Ochemerera mpira ndimawadziwa. Akanamupatsa dzina mwana wanga asanatuluke n'kuchipatala komwe. Akanakula akumuloza chala kuti uyo wotayitsa chikho. Ine msana wanga unali waukulu, wake unali usanakhwime." Anapangana ndi bambo aang'ono kuti asauze munthu, ndipo bambo aang'onowo anapita nacho chinsinsicho kumanda.

Ine misozi inali chuchuchu. A Lefa anavula chipewa. Koma Amayi, amene ankamvetsera pakhomo, anaomba m'manja nati, "Bambo inu! Zaka zonsezi ine ndakhala ndikutukwana dzuwa losalakwa!" Tinaseka tonse, Abambo mpaka kugwira nthiti, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinawaonepo atapepukidwa chonchi chibadwire changa. Madzulo anadya kawiri.

Choncho yankho la funso lanu ndi ili. Loyamba ndi la wochapa mayunifomu, lachiwiri ndi la mlongo wanu, lachitatu la kochi. La woyimbira lili pachisanu ndipo a Lefa akuti achita apilo. Zolemba sindisiya. Abambo akuti ndikakonza mutu umenewo adzalola masewero achibwereza, ndipo bukulo ndikhoza kulitulutsa ndi mayina enieni. Koma aika lamulo limodzi. Akuti, "Mwini chigoli avomere kaye."

Ndiye ndikupempha, Achimwene. Nkhaniyi ndi yanu monga momwe ilili yawo. Mukati ayi, mutuwo ndiuchotsa ndipo sindidzadandaula. Mukati inde, musayankhe kwa ine. Muwaimbire Abambo. Chiyambire m'mawa foni aiika m'thumba la malaya ngakhale akudziwa kuti kalatayi sinanyamuke, ndipo andifunsa kawiri kuti imatenga masiku angati kufika kumeneko.

Amayi akupereka moni, akuti alamu awatumizire zithunzi za ana zooneka nkhope, osati za kutali zija. A Lefa akuti ulendo wina mutumize buku lina la woyimbira mpira, koma wodzichepetsa. Mundipsompsonere ana, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti azakhali ake tsopano ndi wolemba mabuku.

Abambo sanafune kuti moni wawo ndilembe ine. Alanda cholembera, ndawagwira dzanja kuwaonetsa poyambira, ndipo mizere yokhotakhota imene ili pansipa ndi yawo. Poti mwina simutha kuiwerenga, alemba kuti: "Mwana wanga, ndinachinyitsa zigoli zambiri ndipo zonse zinandiwawa, kupatula chimodzi. Atandibwezera pagolo lija lero, ndikhoza kutembenukanso."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Wachiwiri pa ligi