Bwezera Batani la "Aliyense"

Kasisi, Chikwawa
9 Januwale 2024

Wokondedwa mdzukulu wanga Lloyd,

Ndikhulupirira uli bwino ku Lilongweko. Kuno kukutentha monga mwa masiku onse, koma chandiwawula ine si dzuwa ayi. Ndalemba papepala dala, chifukwa pafoni umandidula mawu ndi phwete lako lija.

Masewera a makadi amene unapanga n'kutiikira m'mafoni aja ndinkawanyadira, ngakhale abusa ankati ndi juga. Munthu unkangodina batani limodzi lolembedwa "Aliyense", foni n'kukupezera wosewera naye wapafupi. Tsopano walichotsa, waikapo mafunso asanu. Ndikufuna a msinkhu wanji? Achangu kapena ochedwa? Olankhula Chichewa kapena Chisena? Iwe Lloyd, unakulira kuti? Pamsika wa Nchalo munthu amapereka moni m'Chimang'anja n'kunenerera mtengo m'Chisena, ndiye iwe ukuti asankhe chimodzi?

Ine ndinayankha zoona zokhazokha, monga ndinkaphunzitsira ana kusukulu. Mphoto yake akundipatsa madala a ku Dedza ogona masewera ali mkati.

Kale foni inkakonda kundikumanitsa ndi wina wodzitcha "Nkhwazi ya ku Makhanga". Tasewera ka 212, ine ndapambana ka 107. Ameneyu amaumirira khadi la joka m'manja mpaka kumapeto, ngakhale zinthu zitamuipira. Woumirira chotere ndimadziwa mmodzi yekha: a Otilia, agogo ako obala bambo ako. Ndi mmene anakuumirira iwe pamaliro a bambo akowo, ati malowolo anapereka, mwana ndi wawo. Ine ndinati kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Chiyambire tsiku limenelo sitinapatsanepo moni. Pamasewerapo sindinanene kuti ndawazindikira, iwonso anachita ngati sakundidziwa, chonsecho dzina langa ndi "Aphunzitsi a ku Kasisi". Zinali bwino choncho. Yotikumanitsa inali foni, osati ife.

Iwo ayenera kuti anasankha Chisena, ndi makani awo aja. Netiweki ya ku Makhanga nayo ndi yokwawa, ndiye makina ako awaponya kwa ochedwa. Chisinthire zinthu zakozo sitinakumanenso.

Nditakuimbira unati, "Agogo, n'zosavuta. Pali batani la 'Itanani mnzanu', mungolemba dzina lawo." Ndinati, "Ndiyambe ine?" Iwe n'kuseka, "Nanga mukuopa chiyani?" Ine sindiopa munthu! Koma batani lakolo limauza mwiniwake kuti auje akukuitanani. Ukufuna Makhanga yense amve kuti Evelesi wagwada?

Choncho bwezera "Aliyense". Mafunso akowo atsale ngati anyamata akuwafuna, koma ilo ulibwezere, ndipo likhale pamwamba. Sindikudzinenera ndekha. M'chigwa muno alipo ambiri amene sangakhalirane pamphasa imodzi pokhapokha wina atawakhazikapo.

Uchite msanga. Wailesi ikuti Ruo wadzaza, ku Makhanga akufikako ndi mabwato okha. Chaka chatha madzi atasefukira ndinadziwa kuti munthu uja ali moyo tsiku limene joka wake anagwanso pafoni yanga. Chaka chino ndidziwira chiyani?

Undiperekere moni kwa mkazi wako Flossy, ndipo kamwanako muzikamwetsa madzi owiritsa. Ukawaimbira agogo ako enawo usanditchule, wamva? Ungowafunsa ngati nyumba ili pouma, ngati mankhwala a miyendo akadali nawo. Akayankha, uwauze kuti wamva mphekesera yoti nkhwazi ina yatsalira ndi masewera awiri, ndipo aphunzitsi sanapite kulikonse.

Ndine agogo ako okwiya,
Evelesi Kalioti