Nkhani ya Bulu Yosauza Munthu

4 Meyi
Ndine wometa wopuma, zaka 76. Kusukulu sindinapondeko. Zilembozi anandiphunzitsa malemu mkazi wanga, n'chifukwa chake zikuyenda mopendama.

Mwana wanga wamkazi abwerera mawa kuntchito, dziko lakutali. Wandisiyira foni, akuti mawu ake ndi a adzukulu azifikira m'menemo. Koma foniyo ikufuna mawu achinsinsi otsegulira. Ndinati tiike dzina la mayi ake. Wakana. "Bambo, limenelo mumatchulira aliyense, ngakhale wogulitsa makala akulidziwa."

5 Meyi
M'mawa tinalemba mawu pa timapepala n'kuponya m'chipewa. Akuti osasankha, kungotola. Ine ndinalemba mbuzi, nkhosa, mpando, benchi. Iye kuchotsa. Zofanana ayi, mutu wa nkhalamba ungazisinthanitse. Liwu lililonse likhale la mtundu wakewake, loti ukatsinzina ulione. Ndatola asanu. Timapepala watentha.

Mwana akuti, "Apangireni kankhani kuti musaiwale, si inu akatswiri? Koma osauza munthu."

Wapita masana. Kapu yake ikadali patebulo.

9 Meyi
Kankhani katuluka bwino, ka bulu. Kale ndikanakakamba lumo lili m'manja, wometedwa akugwedezeka ndi phwete, ine ndikumugwira mutu kuti ndisamucheke. Lero ndikambira khoma. Amayi oyandikana nawo nyumba afunsa chomwe ndimasekera ndekha. Ndati n'chifuwa.

Mdzukulu watumiza kanyimbo. Mano akutsogolo alibe, zikuchita kumveka.

17 Meyi
Mvula. Pakhomo sipanafike munthu. Pochapa ndimakamba kankhani kaja chamumtima. Kakukula. Pomwe sipamakoma ndakonzapo, bulu ndamupatsa apongozi.

24 Meyi
Magetsi anathima, foni nayo inathima. Poyatsa ikufuna mawu aja. Ndalemba pang'onopang'ono, chala chimodzi. Yakana. Ndayesanso. Yakana.

Ndakhala pabedi kuiyambira pachiyambi nkhaniyo. Muli bulu, apongozi ake, ambulera, wapolisi, sopo, makwerero, lipenga, belu. Zotola m'chipewa ndi ziti, zanga ndi ziti? Moyo wanga wonse sindinakambepo nkhani kawiri mofanana. Anthu ankandikondera zomwezo.

26 Meyi
Kwa wokonza mafoni kumsika. "Achikulire, popanda mawuwo ndingofufuta zonse." Kanyimbo komwe? Akuti komwe. Ndabwera nayo m'thumba.

Ili patebulo, zii. Mwina mwana akutumiza mawu. Mwina akuganiza kuti ndakwiya, kapena ndagwa m'bafa.

2 Juni
Ndinati mawu oti sakutsegula kanthu ndiwabisirenji. Ndawakambira amayi oyandikana nawo aja nkhani yonse, iwo akusenda mbatata pakhonde. Aseka mpaka mpeni kugwa. Akuti apongozi a buluyo ndi apongozi awo enieni. Akuti mawa ndipitenso ndi mpando wanga.

Pobwera ndinaima pakhomo, kufuna wina womuuza kuti anthu aseka.

3 Juni
Masamba awa nding'amba, apite pa positi.

Mwanawe, ndili moyo, sindinakwiye. Foni yako ndaitseka ndi pakamwa pangapa, usandikalipire kwambiri. Chinsinsi ndaulula, koma kwa munthu mmodzi yekha, ndipo nayenso wamva zowonjezera. Ngati mawu asanu aja unawasunga m'mutu, undiuze mmene tingachitire. Ngati unaiwala, undiyankhebe pa pepala, zilembo zikuluzikulu. Undiuzenso ngati mano a mwana amera.