Makina Aja Achotseni Kuchipinda kwa Amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Thokoza, ku Joni, tilipo, kungoti chisanu chafika.

Nkhani ndi ya makina ochotsa fungo m'nyumba aja ndinatumiza pa basi. Abwana anga a ku Kempton Park posamuka anandipatsa awiri. Anga ndinkawayatsa Lamlungu masana ndikusita zovala, mawindo ali otseka. Kafungo kake konga ka mvula yoyamba ndinkati ndiye mpweya wabwino. Sabata yatha ndinayamba kutsokomola ndi kubanika.

Ku kiliniki nditafotokoza, anesi anati, "Mayi, makina amenewo amatulutsa mpweya wa ozoni, umapweteka mapapo. Abwana anuwo ankawayatsa ali m'nyumba momwemo?"

Ndinakumbukira kuti ayi. Ankawayatsa tonse tikutuluka, pobwera n'kundituma kutsegula mawindo onse. Sindinafunsepo chifukwa chake.

Munandiuza kuti mwawaika kuchipinda kwa amayi chifukwa cha mphumu yawo. Chonde kawachotseni lero lomwe. Akakana poti ndi mphatso ya ku Joni, muwauze kuti wotumiza mphatsoyo akumwa mankhwala a chifuwa.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati